Timabala Tiwiri pa Bondo la Sankhani

Kwathu ku Kapata sitinali olemera, koma m'nyumba munali mtendere. Atate, a Harrison Jere, ankaphunzitsa ku pulayimale, ndipo Lamulungu ankatsogolera nyimbo kutchalitchi. Amayi ankasoka mayunifolomu pakhonde. Ana tinalipo awiri, ine Dailes ndi mlongo wanga Sankhani, amene ndinamubereka kumbuyo ali khanda. Nkhani yakeyi ndaikamba kambirimbiri moti inanditopetsa kale, koma ndiilembabe.

Sankhani anali wamtali, wamiyendo yolimba, katswiri wa ingoma. Gule ameneyu anaphunzira kwa agogo kufupi ndi Mtenguleni, ndipo akaponda pansi, ngakhale akuluakulu ankagwedeza mutu. Atamaliza giredi 12 mu 1995 anangokhala pakhomo kudikira zotsatira za mayeso. Apa mpamene anapezana ndi Lemmy, mnyamata amene ankazembetsa shuga wa ku Malawi panjinga, kudzera m'tinjira tam'tchire kulambalala chipata cha m'malire cha pa Mwami. Lemmy sankapalasa njinga asanalawe kachasu. Ankati amafewetsa miyendo.

"Sankhani, m'kamwa mwako mukununkha chiyani?" anafunsa atate tsiku lina masana.

"Ndi masuku chabe, atate."

"Masuku amanunkha choncho? Mwana wanga, ine ndaphunzitsa anyamata ambiri. Amene anayamba choncho ndimawadziwa komwe ali. Umuleke Lemmy."

Iye anayankha kuti wamva. M'mawa mwake njinga ya atate inasowa pakhonde.

Mu Januwale 1996 anagwa nayo pamtsetse akuchokera ku Mwami, ataledzera, matumba awiri a shuga ali kumbuyo. Bondo lamanja linatupa ngati dzungu. Tinamutengera ku chipatala china cha mishoni, ndipo atamujambula, dokotala anatifotokozera kuti m'kati mwa bondo muli mtsempha wolimba umene umagwira mafupa awiri kuti asaterereke. Mtsemphawo sunaduke, koma unazuka pamodzi ndi kachibenthu ka fupa. Kachibenthuko kakapanda kubwezeredwa pamalo pake, mwendo sudzawongokanso bwino.

Mwayi wake unali woti sabata yomweyo kunabwera dokotala wa mafupa wochokera kunja, wongokhala masiku khumi basi, atanyamula makina amene ife tinali tisanawamvepo. Sankang'amba bondo. Ankaboola timabowo tiwiri, kumodzi n'kulowetsa kachitsulo kokhala ndi diso ndi nyali, kwina tizipangizo, iye akuona zonse pa kanema. Anakokera kachibenthu kaja pamalo pake n'kukamanga ndi ulusi wolimba. Atate anagwetsa misozi pabenchi. Anati chimenechi ndi chisomo, pakuti mwana wawo sanachigwirire ntchito.

Potitulutsa, dokotala wa pamalopo anamuyang'ana Sankhani m'maso.

"Mnyamata, kunjaku n'kochepa, koma ntchito yaikulu ili m'kati. Fupa silinagwirane, langomangidwa. Masabata asanu ndi limodzi usaponde ndi mwendo uno. Chomangira ichi usavule. Kuthamanga ndi kuvina uiwale mpaka ine nditakuuza. Ukazula ulusi uja, makinawa sudzawapezanso, akupita ndi mwini wake."

Sabata yoyamba anamvera. Yachiwiri ululu unachepa, ndipo anayamba kundikalipira ndikamupatsira ndodo zake zoyendera. Ine ndinali nditatopa kale: kumutungira madzi, kumukhazika, kumudzutsa, kenaka n'kumamva mwano. Yachitatu Lemmy anatulukira, kabotolo kali m'thumba la jekete.

"Mwana, tationetsa opaleshoni ija."

Sankhani anamasula malamba a chomangira chija. Lemmy anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Tumabala utu? Izi ni mphini chabe, boyi! Amalume anawang'amba pamimba monga mbuzi, mwezi umodzi anali kumunda. Iwe tuwiri utu ukhalire ndodo monga nkhalamba? Mwambo wa Ncwala ni Chiwelu chino. Atsikana onse a ku Mtenguleni afunsa za iwe."

Ndinalowererapo. "Lemmy, choka pano. Dokotala anati fupa silinagwirane."

"Asisi, imwe mwaliona fupalo?" anatero Sankhani. "Ine nikumva bwino. Azungu aja amangoopseza."

Amayi anasiya makina osokera. "Mwana wanga, mwendo ndi wako, koma kukulera ndi kwathu. Ndakugwira mwendo womwewo, usapite."

Sankhani anamanganso malamba aja, ndipo ife tinayesa kuti wamva. Chiwelu chija, Loweruka m'mawa, tinapeza chomangira chili pamphasa, ndodo zili kuseri kwa chitseko, mwini wake kulibe.

Zotsalazo anandiuza ndi anthu amene analipo. Anakwera lole yopita ku Mtenguleni ndi Lemmy, akumwa njira yonse. Atafika anabwereka chishango ndi chibonga n'kulowa mumzere. Ingoma ilibe ng'oma, nyimbo yake ndi phazi lomenya nthaka, ndipo Sankhani sankadziwa kuponda pang'ono. Amayi ena atayamba kumuimbira nthungululu, anakweza mwendo wamanja uja n'kuutsitsa ndi mphamvu zake zonse. Kachitatu anagwa chafufumimba, chishango uko. Anzake anamukokera pambali kuti gule asaime. Lemmy anati akukafuna galimoto, ndipo sanabwerenso. Anamubweretsa kunyumba ndi mphunzitsi mnzawo wa atate amene anamuzindikira.

Titabwerera naye kuchipatala, dokotala sanakalipe. Anangoyang'ana chithunzi chatsopano nthawi yaitali, n'kupuma mozama.

"Ulusi wazuka, ndipo kachibenthu kaja kaphwanyika. Palibenso chomanga. Tiyesa kung'amba tichotse zotsalazo, koma bondo lakale lija musaliyembekezere."

Anang'ambadi, bala lalitali kuchokera pamwamba pa bondo mpaka kumunsi. Linapola, koma mwendo sunawongoke, ndipo suthanso kupindika bwino. Akaponda molakwa umagwedera n'kumugwetsa. Zotsatira za mayeso zinabwera ali m'chipatala, ndipo anali atakhoza bwino, koma pamene anzake ankapita ku koleji iye anali akuphunzira kuyenda kuchokera pabedi kukafika pachitseko. Atate anangokalamba msanga. Ine ndinakwiya naye chaka chathunthu, ndipo sindibisa, masiku ena mkwiyowo umabwerabe.

Mowa anausiya. Lero amakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina mumsika wa Kapata, ndipo Lamulungu amakhala kumapeto kwa benchi kuti mwendo upeze potambasukira. Tsiku lina ndikumuthira mankhwala pabondo anati, "Asisi, Mulungu ananikonzera mwendo uno kamodzi, mwaulere. Nine n'nauthyola kachiwiri." Zinali zoona.

Achinyamata, wosamva amamva nkhwangwa ili m'mutu. Mukagwa n'kudzutsidwa, musayese kuti kugwako kunali kochepa chifukwa chipsera chake n'chaching'ono. Mverani makolo ndi amene akudziwa zimene maso anu sakuona, ndipo thawani bwenzi lobwera ndi botolo. Mlongo wanga anakhululukidwa, koma akutsimphinabe, ndipo adzatsimphina mpaka tsiku limene tidzamunyamule.