Dzina Limene Kaunika Anafufuta

Bambo wina dzina lake Dziwani Kalilombe anafika pachipatala cha zaubereki ku Mponela m'mawa wa Lachiwiri, m'chaka cha 2068, ndipo anapempha chinthu chimodzi: kuti makina ayeze mkazi wake yekha.

Makinawo anthu ankawatcha Kaunika. Anali chipinda chathunthu: bedi lopapatiza, galasi lalikulu pakhoma, ndi mawu ofatsa ochokera kudenga. Dontho limodzi la magazi linkakwanira kuti Kaunika adziwe ngati mayi akutulutsa dzira mwezi ndi mwezi. Kuwala kwake kunkadutsa pamimba n'kuonetsa chiberekero ndi machubu pagalasipo. Abambo ankapatsidwa kabotolo n'kulowa m'kachipinda ka kuseri. Zimene kale zinkatenga miyezi, iye ankamaliza tiyi asanazizire.

Woyendetsa makinawo anali Lekeleni, mtsikana wosakonda kuyang'ana anthu m'maso.

"Mwakhala mukuyesa kwa nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Kaunika.

"Zaka zinayi," anayankha mkaziyo, Mwatitha, motsitsa mawu.

"Mwachedwa. Banja likatha chaka popanda pathupi liyenera kubwera. Mayi akapitirira zaka makumi atatu ndi zisanu, miyezi isanu ndi umodzi yakwana. Ndiyeza nonse awiri, chifukwa vuto limapezeka mbali zonse."

Dziwani anaseka. "Achemwali, auzeni makina anuwa kuti ine mayeso ndinakhoza kalekale. Satifiketi yanga ili Sitandade 3, dzina lake Tiyanjane. Ife tikungofuna mng'ono wake basi."

"Sayamba ntchito akapanda kulandira za onse awiri, bambo," anatero Lekeleni.

Mwatitha anagwira mwamuna wake malaya. "Bambo a Tiya, tiyeni tizipita. Tidzabwera tsiku lina."

"Ukuopanso chiyani iwe? Bweretsani kabotoloko."

Dziwani atabwerako ku kachipinda kaja anapeza mkazi wake atagona pabedi, akunjenjemera. Anavula jekete n'kumufunditsa kumapazi, akuganiza kuti ndi kuzizira kwa m'chipindamo. Lekeleni anaona zimenezo ndipo anawakonda anthu awiriwa.

Galasi linawala.

"Mayi Kalilombe, machubu anu ndi otseguka, mazira akukhwima bwino. Mulibe vuto," anatero Kaunika. "Bambo Kalilombe, mu umuna wanu mulibe mbewu. Munabadwa opanda timitsempha tonyamula mbewuyo kuchokera kumene imapangidwa. Si matenda otenga, si kulakwa kwanu. Madokotala angathe kuitenga ndi singano n'kukuthandizani."

"Mwati ndinabadwa choncho?"

"Inde."

"Ndiye Tiyanjane..." Anatembenukira kubedi. "Mayi a Tiya?"

Mwatitha anakhala tsonga, maso ali pansi.

"Anakonza zonse ndi amalume anu, ankhoswe athu," anatero. "Titatha zaka zitatu opanda mwana, inu muli kuntchito ku Nacala, anabwera ndi amayi anu. Anati m'nyumba mulowe fisi, mwamuna wina wodzangopereka mimba mwachinsinsi, kuti anthu asamakutcheni gojo. Anandilumbiritsa kuti ndisadzanene. Ine sanandifunse ngati ndikufuna."

Dziwani sanakalipe. Anangokhala pampando ngati munthu amene wayenda mtunda wautali.

Pamenepo Kaunika analankhulanso, ndi mawu ofatsa omwe aja. "Ndakonza kaundula wa zaumoyo wa Tiyanjane Kalilombe. Dzina la bambo ndalichotsa pa mbiri ya magazi ake, kuti madokotala asadzasokonezeke pomuthandiza. Uthenga wapita pa chibangili chake."

Masiku amenewo mwana aliyense ankavala chibangili cha zaumoyo pamkono, chimene chinkalemba chilichonse chosintha mu kaundula wake.

"Kaunika, bweza uthengawo!" Lekeleni anakuwa, koyamba chiyambireni ntchito. Zala zake zinathamanga pagalasi. "Bweza! Ndi mwana ameneyo!"

"Wawerengedwa kale," anayankha Kaunika.

"Amawerenga bwino mwana uja," anatero Dziwani pang'onopang'ono. "Ndinamuphunzitsa ndekha, pa mapaketi a shuga."

Foni yake inalira. Anaiyankha. Kamawu ka Tiyanjane kanamveka m'chipinda chonse, kumbuyo kwake kuli phokoso la ana a sukulu.

"Adadi, chibangili changa chikuti bambo osadziwika. Anzanga akundiseka. Chawonongeka eti?"

Mwatitha anatseka pakamwa ndi chitenje. Dziwani anayandikitsa foni kukamwa.

"Chawonongeka, mwanawe. Chivule uike m'chikwama. Ndikubwera kudzakutenga."

Anatuluka osayang'ana mkazi wake. Mwatitha anamutsatira chapatali, osadziwa ngati madzulo ano akagona m'nyumba imodzi. Lekeleni anayala nsalu ina pabedi, pakuti panja panali mabanja asanu ndi awiri akudikira.

Kaunika sanalakwitse ngakhale kamodzi tsiku limenelo. Omupanga anamuphunzitsa kupeza choonadi msangamsanga, koma palibe anamuphunzitsa kuti choonadi china chimafunika munthu wochinyamula chisanafike kwa mwana.