Lamba wa Pamkono wa Lamson

Banja la Lamson ndi Perpetua linali lokoma moti ku Ellenbrook, kutsidya kwa nyanja kumene ankakhala, anthu ankati m'nyumba mwawo tiyi amatsekemera yekha wopanda shuga. Onse ankagwira ntchito pa kafakitale kena ku Malaga, kopanga mabolodi a magetsi oyendetsa makina a m'migodi.

Pabolodi lililonse pamakhala opampu, katchipu kakuda ngati nkhupakupa, kokweza mphamvu ya magetsi ofooka. Koma mantha ake! Kungokakhudza ndi chala, kafa. Ndiye aliyense ankamanga pamkono lamba wachingwe wochotsa magetsi a m'thupi. Lamson ankavula wake abwana akangotembenuka. "Ndine mbuzi ine, kuti ndizimangidwa?"

Tiopampu tinayamba kufa ngati nkhuku za chitopa. Abwana analamula Perpetua ndi Mwelwa, katswiri wa ku Zambia, kuti apeze vuto. Wolakwayo ntchito imuthera.

Julia wopakira makatoni anamunong'oneza Lamson: "Alamu, nthawi ya lanchi akazi anu ndi Mwelwa amadzitsekera m'chipinda choyezera, mitu pamodzi. Koma ine sindinanene kanthu."

Nsanje, abale, ndi chiswe. Chimadya denga mwininyumba akuyimba.

"Mumatsekeranji chitseko?" anakalipa Lamson m'galimoto.

"Bambo a Tasha, ndi za ntchito. Inu muzingovala lamba wanu."

"Wayamba kundilamula? Wakuphunzitsa ndi Mzambiyayo?"

Perpetua anasintha nkhani. Ankadziwa kuti mwamuna wake akamva zoona, ndewu yake ifika kwa abwana.

Lachinayi masana Lamson anasuzumira pagalasi. Mwelwa wagwira mkono wa Perpetua! Anakankha chitseko.

"Ba Lamson, yembekezani, tikambe..."

Mawu anathera pomwepo. Chibokosi chachitsulo choyezera magetsi chimene Lamson anatola chinatera pamutu pa Mwelwa. Ambulansi inafika Mwelwa atazizira kale.

M'khoti Perpetua analankhula osamuyang'ana Lamson. "Mabolodi onse akufa ankachokera patebulo la amuna anga. A Mwelwa anazindikira tsiku lachiwiri lomwe. Ndinawagwadira kuti asanene, tizingosintha tiopamputo mobisa pa lanchi. Tsikulo ndinadula dala chingwe cha lamba wanga kuti mlandu ukhale wanga. Iwo amandimasula lambayo, amvekere, ‘Mulamu, bodza iyi sinizalemba.’"

Lamson anafuna kulira, misozi inakana.

Woweruza anati zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Inu okhulupirira maso ndi miseche, funsani kaye musanatole chitsulo. Munthu amene anakana kalamba kansalu pamkono umodzi anatuluka m'khotimo atavala unyolo mikono yonse iwiri. Umenewu suvulika abwana akatembenuka.