Diresi la Madontho

Lilian NyaChirwa ananyamuka ku Chintheche dzuwa litalowa kale. Mlandu wake unakambidwa mochedwa, koma chomwe anapitira chinatheka: akuluakulu anamuuza kuti mwezi ukatha, ukwati wake ndi Jobe utha. Kunatsala kuyenda wapansi mpaka ku Kande, yekhayekha, chithunzi chili pachifuwa.

Ha, chithunzi chimenecho! Jobe anapita ku Bulawayo kukaphikira mzungu, ndipo pochoka anatenga diresi la madontho la mkazi wake, ati telala wakumeneko akasoke lina la msinkhu womwewo. Patatha chaka kalata inabwera. Lilian atang'amba envulopu, chinayamba kugwa n'chithunzi: chimkazi chachitali, nkhope yopaka zoyera mbuu, ana anayi ovala masaka ndi zipewa zamapepala atachizinga. Chitavala diresi la Lilian lija! Kalatayo sanawerenge n'komwe, anaiponya pamoto. Makalata onse otsatira, pamoto, osatsegula. Koma chithunzicho anasunga zaka zisanu, n'kumachiyang'ana tsiku ndi tsiku ngati munthu wokanda chilonda.

"Ine manja kung'aluka n'kusenda chinangwa, iye kumaveka mkazi wam'tauni diresi langa," ankalankhula yekha m'njiramo. "Ana anayi! Kwa ine ngakhale mmodzi."

Atayandikira manda a ku Bandawe, anamva kuseka kwa ana. Usiku uno, ana a yani? Anaima. Zii. Anayambanso kuyenda. Kumbuyo... gu, gu, gu. Nsapato zolemera. Anafulumira. Nazonso zinafulumira. Anatembenuka.

Mayi wawaye! Chimkazi chija!

Chinaima pakati pa njira, nkhope mbuu, madontho akuoneka bwinobwino pamwezi. Wina akanathawa. Koma nsanje ilibe mantha, abale.

"Wanditsata mpaka kwathu? Vula! Vula diresi langa, wakuba iwe!"

Chinangopendeka mutu. Mawu anatuluka okhuthala, otopa.

"NyaChirwa... landikhala?"

Lilian anachilumphira n'kugwira mkono wa diresi. Kuzizira kwake! Ngati mwala wapansi pa madzi. Nsalu inang'ambika, kwee!

"Sunawerenge, NyaChirwa... sunawerenge..."

Njira mbee. Panalibe munthu. Kuseka kwa ana kokha, kukulowera kumanda.

Apo ndiye anathamanga. Anagwa, anadzuka, anathamanganso, dzanja ali chifumbatire.

Pakhonde la nyumba yake panali nyali. Amalume ake anakhala ndi mlendo wa jekete, phukusi lili pamiyendo. Anali Moses wa ku Usisya, mnzake wa Jobe, amene anatsika sitima yapanyanja dzulo lake, paulendo wochokera ku Bulawayo.

"Timuwoneni, mlamu," anatero Moses.

Lilian analibe nthawi ya moni. Anasolola chithunzi n'kumuponyera. "Mwabwera ndi mkazi wa mnzanu, eti? Ndakumana naye. Ndi uyu!"

Moses anachiyandikiza kunyali. Anayamba kuseka, kenako analeka mwadzidzidzi.

"Mlamu, ana awa ndi anga. Ndipo uyu si mkazi. Taonani mapaziwa. Ndi Jobe."

"Bodza!"

"Kumeneko kuli tsiku lina mu Novembala, amati la Gayi. Ana amavala zoseketsa, amuna amavala za akazi, amadzipaka ufa kumaso n'kumazungulira m'komboni akuimba. Ana anga ankaopa kutuluka, poti ana a eni dziko ankawanyoza kuti Manyasa, obwera ochokera kwathu kuno. Jobe ndiye anavala diresi lanu n'kuwatsogolera. Tsiku lonse ankangoti, NyaChirwa akaona chithunzichi adzaseka mpaka kugwa. Zonse analemba m'kalata."

Lilian anakhala pansi, padothi. "Ndiye ali kuti? Wabwera nanu? Ndamung'ambira..."

Moses anayang'ana amalume aja, kenako pansi.

"Ndinakulemberani katatu, mlamu. Chifuwa chinamutenga. Zaka zitatu zapitazo. Mkazi wina analibe, ndikulumbira. Ankapita kupositi Loweruka lililonse mpaka miyendo inakana." Anamasula phukusi. Munali diresi latsopano, losavalidwapo. "Ili ndi lomwe anakusoketserani. Lakale lija anapempha kuti timutsamiritse m'bokosi, ndipo ndinaliika ndekha ndi manja angawa."

Lilian anafumbatula dzanja pang'onopang'ono. Munali kansalu ka madontho, konyowa, kodzaza dothi lofiira lomwe ku Kande kulibe.