Ng'ombe ya Zenera

Mzime anali atawerama pabeseni kuseri kwa nyumba, akuchapa ovolosi ya mayi ake, pamene anamva geti likulira. Ovolosiyo inali yobiriwira, yokhuthala ngati tenti, ndipo ngakhale munthu aiviike m'sopo tsiku lonse, fungo lake silinkachoka. Silinali fungo la ndowe wamba ayi. Linali lowawasa, lokanirira m'mphuno, fungo la zam'mimba mwa ng'ombe.

"Odi kuno! Kodi mwana wa dokotala wadzuka?"

Anali Wailesi, mnzake wa Fomu 2, yemwe dzinali analipata chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Mzime anakankhira ovolosi ija pansi pa thovu n'kuvundikirapo nsalu yoyala pabedi.

Wailesi anakhala pachidebe chovundikira n'kuyamba kuulutsa. Malume ake ndiwo ankayendetsa basi ya sukulu, choncho nkhani ankazimva zisanafike n'komwe kwa aphunzitsi ena. Lachisanu likubwerali, anatero, kalasi yonse ikupita ku malo ofufuzira za ziweto, kukaona ng'ombe za mkaka. Akuti kumeneko kuli ng'ombe yokhala ndi zenera pamimba, ndipo kuli mayi wina amene amapisamo dzanja mpaka m'phewa.

Mzime anaseka nawo mongodzikakamiza. Mayi ameneyo anali mayi ake.

Nkhaniyi inayamba ali Fomu 1. Aphunzitsi atafunsa aliyense ntchito ya makolo ake, iye anati mayi ake ndi dokotala. Sananame, pakuti ndi mmene panalembedwera pachitseko cha ofesi yawo. Wina atafunsa kuti amachiza matenda anji, iye anayankha kuti amaona zam'mimba. Apanso sananame. Anangosiya ng'ombe panja. Kuyambira tsikulo anzake anayamba kumutcha mwana wa dokotala, ena n'kumamufotokozera za m'mimba mwawo kuti akawafunsire mankhwala. Ulemuwo unkamukomera, ndipo tsiku lililonse likadutsa, kukonza nkhaniyo kunkavutiravutira.

Mayi ake anafika dzuwa litapendeka, poti ng'ombe sizidziwa Loweruka. Monga mwa masiku onse, anavulira jombo pampopi wa pafupi ndi geti, n'kusamba mikono yonse ndi sopo, kenako n'kudzikhula ndi khoko la ndimu. Anapereka botolo la mkaka pampanda kwa agogo oyandikana nawo, omwe mano anawathera, ndiyeno n'kulowa m'nyumba.

Atadya n'kupemphera, Mzime anatola mbale, anazibwezanso patebulo, kenako analankhula akuyang'ana pansi. Anati Lachisanu kalasi yawo ikubwera kuntchito kwawoko.

"Ndamva. Aphunzitsi anu anaimba foni," anatero mayi ake, nkhope itawala.

"Ndimati... tikabwerako musanditchule. Musanene kuti ndine mwana wanu."

Mayiwo sanayankhe msanga. Anali munthu wotero. Malemu bambo ake a Mzime ankakonda kunena kuti, "Dikirani ananu, mayi anu akubzikula," chifukwa mawu ankayamba awameza, kuwabweza, n'kuwatafunanso ngati ng'ombe ili pamthunzi. Kale nthabwalayi inkaseketsa nyumba yonse. Madzulo amenewo panalibe woseka.

"Unawauza kuti ndimagwira kuti?"

Mzime anafotokoza, mawu akutuluka modukaduka.

"Chabwino," anatero mayiwo. "Sindikutchula. Koma bodza lokha sindinena, umandidziwa."

Ananyamula mbale zija okha n'kupita nazo kukhitchini.

Sabata imeneyo palibe chinasintha, ndipo n'chimene chinkamusowetsa mtendere Mzime. Akanakonda akanamukalipira. Koma m'mawa uliwonse ankapeza madzi osamba atafunditsidwa, yunifolomu itasitidwa. Popemphera mayi ake ankamutchulabe monga kale, kupempha kuti Mulungu amupatse mutu wogwira ndi anzake abwino. Lachisanu m'mawa anapeza mayiwo atapita kale. Patebulo, pambali pa kapu yake, panali kampango kopindidwa bwino, mkati mwake muli makoko a ndimu, oti akatseke pamphuno fungo likamukulira. Mzime anakayang'ana kanthawi, n'kukaika m'thumba.

Basi inawatsitsa pafupi ndi makola aatali a malata. Anaponda m'madzi a mankhwala pakhomo, n'kudutsa pakati pa ng'ombe zamawanga akuda ndi oyera, iliyonse ili ndi nambala kukhutu. Mzime anakhala kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa anyamata aatali.

Mayi ake anatulukira atavala ovolosi yomwe ija. Aphunzitsi anawatchula kuti Dokotala, mkulu wa kafukufuku wa zakudya za ng'ombe za mkaka. Mnyamata wina wotchedwa Loya, chifukwa chosasowa chotsutsa, ananong'ona kuti ndiye kuti masiku ano udokotala akungogawa pamsika. Ena anaseka chamumtima. Dokotala anapereka moni, maso awo akuyenda pankhope iliyonse. Atafika pa Mzime sanaime, sanafulumirenso. Anamuyang'ana monga anayang'anira ena onse.

Anawatengera kwa ng'ombe yaikulu yofatsa imene inkadya udzu wouma osalabada alendo. Kumanzere kwake, kuseri kwa nthiti, kunali chotsekera cha labala chachikulu ngati mbale. Dokotala anafotokoza kuti zeneralo linaikidwa ndi madokotala a ziweto ng'ombeyo ataibaya mankhwala oletsa ululu, ndipo chilonda chinapola kalekale. Anati chifu cha ng'ombe chili ndi zipinda zinayi, ndipo m'chipinda chachikulucho mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tochuluka kosawerengeka. Tizilomboto ndi timene timagaya udzu. Mlimi akamadyetsa ng'ombe, kwenikweni amakhala akudyetsa tizilomboto, ndipo tikadwala ito, mkaka umauma.

Anavala golovesi lalitali, anatsegula zenera lija, n'kupisamo dzanja. Fungo linawomba ngati mphepo yotentha. Atsikana anabwerera m'mbuyo, anyamata n'kugwira mphuno. Ng'ombe inangotembenuka pang'ono n'kupitiriza kudya. Dokotala anatulutsa timatumba tansalu tomangidwa kuchingwe. M'kathumba kalikonse anaikamo chakudya chosiyana, kena madeya, kena masangwi a mtedza, kena mapesi odula. Akatitulutsa amatichapa, kutiumitsa, n'kutiyeza pasikelo kuti aone chimene chagayika ndi chimene changodutsa.

Aphunzitsi anawapempha kuti afotokoze mmene anayambira. Dokotala anakhala chete kaye, ndipo Mzime yekha ndiye anadziwa kuti akubzikula. Kenako anati ali mwana, bambo awo anali ndi ng'ombe imodzi yokha ya mkaka, ndipo ndi imene inkasunga banja lonse. Chaka china madeya atapezeka ambiri, bambowo anaithirira mowolowa manja, poganiza kuti mkaka uchuluka. Ng'ombe inasiya kubzikula, inagona, ndipo sinadzukenso. Ena ankati yalodzedwa, ena ankati yadya pulasitiki. Dokotala anangotsala ndi funso: kodi m'katimo munachitika chiyani? Funso limenelo ndi limene linawapititsa ku koleji, kenako kudziko lina lozizira kumene ankalira ndi kusungulumwa, mpaka kubwerera kukhola lino. Anadzapeza kuti madeya akachuluka popanda udzu wokwanira, m'chifu mumawawasa ndipo tizilombo tabwino tija timafa.

Sanabise zolephera. Anati panali masamba a mtengo wina amene anawafufuza zaka zingapo, akukhulupirira kuti athandiza alimi m'chilimwe, koma mapeto ake ng'ombe zinangowanyanyala. Komabe kasakanizidwe ka chakudya kamene anapeza pambuyo pake tsopano alimi ang'onoang'ono ambiri akukagwiritsa ntchito, ndipo ena amawaimbira foni kungowauza kuti ng'ombe yawo yayambanso kubzikula.

Mzime anali asanamvepo za ng'ombe ya agogo ake aamuna. Anali asanafunsepo. Ankangodziwa ovolosi ndi fungo lake.

Dokotala anafunsa ngati pali wofuna kuyesa. Wailesi anadumphira kutsogolo, anavala golovesi, n'kupisa dzanja atatsinzina. Anati m'katimo n'motentha ngati mu uvuni, ndipo chinachake chikumufinya dzanja. Kalasi yonse inafa n'kuseka. Pogawa timabotolo ta madzi a m'chifu toti akaone pamakina okulitsa tinthu, Dokotala anafika pomwe panali Mzime.

"Landirani, mwana wasukulu," anatero mwaulemu, n'kupitirira.

Mawu amenewo anamulasa kuposa kukalipa kulikonse. Pakamwa pamene pankati "Mzime wanga" m'mawa uliwonse lero pamutchula ngati mlendo, ndipo anapempha yekha. Anapisa dzanja m'thumba n'kugwira kampango kaja. Sanakatulutse.

Wailesi anabwerera kudzaima pambali pake akupukuta mkono. Anamugunda ndi chigongono n'kunong'ona, "Mayi ako ndi katswiri, aise."

Mzime anamuyang'ana modabwa.

"Ukuganiza kuti ndilibe maso? Ovolosi ija imayanikidwa kuseri kwa nyumba yanu Loweruka lililonse. Ndimadikira kuti unene wekha."

Wailesi, amene sankasunga ngakhale nkhani ya nkhuku yothawa, anali atamusungira imeneyi chaka chonse.

Nthawi ya mafunso itakwana, Loya anakweza dzanja. Ananena mwaulemu wonamizira kuti ntchitoyi ndi yabwino ndithu, koma ankafuna kudziwa ngati Dokotala ali ndi ana. Ngati alipo, kodi amatha kudyera nawo patebulo limodzi, kapena amawapatsira chakudya pazenera ngati ng'ombeyi? Anyamata anaseka. Aphunzitsi anamudzudzula, koma Dokotala anakweza dzanja kuti amusiye.

Anavula golovesi pang'onopang'ono, n'kulipinda. Mzime ankadziwa kuti sanama, ankadziwanso kuti samutchula, ndipo anaona mmene mayi ake ankafunira njira pakati pa ziwirizo.

"Ana ndili nawo," anatero. "Akuluakulu anachoka pakhomo. Ndatsala ndi wamng'ono. Funso lako si loipa, mwana wanga, fungoli ndi lovutadi. Ine ndinalizolowera chifukwa ndinalisankha ndekha. Iye sanasankhe, koma ndi amene amandichapira ovolosi iyi, mpaka zala zake zimasupuka ndi sopo. Ndikaivala m'mawa ndimamupempherera."

Polankhula zonsezi ankayang'ana ng'ombe, kuopa kuti maso angaulule zimene pakamwa panalonjeza kubisa.

Mzime anayang'ana zala zake zosupuka, n'kuona kuti mtsikana wa pambali pake akuziyang'ananso. Akanatha kuzibisa m'thumba. M'malomwake anapatsira Wailesi kabotolo kaja, n'kuyamba kudutsa pakati pa anzake. Anyamata aatali aja anapatuka. Nsapato zake zasukulu zinaponda m'ndowe, koma sanayang'ane pansi.

Anaima pamaso pa mayi ake, pafupi kwambiri moti fungo lija linamukuta, ndipo pansi pake ankamvamo kafungo ka ndimu. Anatembenukira kalasi.

"Awa ndi mayi anga. Dokotala amene ndinkanena uja ndi awa. Ndinawapempha kuti asanditchule lero, chifukwa ndinkachita nawo manyazi."

Anagwira mkono wa ovolosi ija ndi manja awiri, n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Amayi, ndinakulakwirani. Ndikhululukireni."