Rumki ndi Juzi ya Agwape

Ndinamuuza Rumki. Ndinamuuza katatu.

"Juzi ya mwana imagulidwa yaikulu."

Rumki sanamve.

Rumki ndi mdzukulu wanga. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna juzi yakeyake. Majuzi ake onse anali osiyiridwa. Ina inali ya msuweni wake. Ina inali ya mwana wa aneba. Juzi yatsopano anali asanavalepo.

Linali tsiku la chaka chathu chatsopano. Kunja kunkatentha kwambiri. Bambo ake a Rumki ndi mwana wanga Nizam. M'mawa umenewo Nizam anati, "Lero tipita ku paki ya masewera. Kumeneko Rumki akasankha mphatso imodzi."

"Imodzi yokha, Ababa?"

"Imodzi yokha."

Ine ndinati ndipita nawo. Nizam sayang'ana mwana. Amayang'ana foni.

Tinakwera basi. Unali ulendo wa maola anayi.

"Usatulutse dzanja pawindo," ndinatero. Rumki anamva.

Tinafika pachipata. Anthu anali piringupiringu.

"Gwira nsonga ya nsalu yanga. Malo ngati ano ana amasowa." Rumki anamva.

Munthu wina ankagulitsa madzi obiriwira.

"Usamwe amenewo. Madzi sakhala obiriwira." Rumki anamva.

Kenako tinaona chigudumu chachikulu. Chinkanyamula anthu mpaka kumwamba.

"Chija ayi. Chikaima uli m'mwamba, akutsitsa ndani?"

Rumki anamva, koma anakwinya nkhope.

Nizam anaseka. "Amayi, ndiye tadzatani kuno?"

"Tadzaona," ndinatero. "Maso sathyoka mwendo."

Ndinamulola kukwera akavalo amatabwa. Akavalowo ankazungulira. Inenso ndinkazungulira nawo pansi. Ndinazungulira kasanu. Ndinachita chizungulire. Rumki sanachite.

Kumapeto kwa paki kunali mudzi wachilendo. Nyumba zake zinali zamatabwa ofiira. Madenga anali osongoka. Pamadengapo anapakapo zoyera ngati ufa. Panalinso bwato lalikulu la mutu wa chinjoka.

Ine zolembalemba sindizidziwa. Nizam ndiye anawerenga chikwangwani.

"Akuti uwu ndi mudzi wa ku Norway."

"Norway ndi kuti?"

"Kutali, Amayi. Kumazizira mpaka mtsinje umauma ngati mwala."

"Nanga anthuwo sathawako bwanji?"

"Amavala majuzi."

Rumki anatukula mutu. Mawu amenewo anawamva bwino.

Nyumba yomaliza inali sitolo ya mphatso. Tinalowa. Mkati munali zii, kuzizira.

"Nizam, aika chisanu m'nyumba."

"Ndi makina, Amayi."

"Ndi nzeru za ogulitsa. Akufuna tizizidwe kuti tigule."

Munali zinthu zambiri. Munali zipewa za ubweya. Munali masokosi aatali. Munali tizidole ta mphuno zazikulu. Rumki sanayang'ane zonsezo. Anapita kumene kunali majuzi.

Mtsikana wogulitsa anabwera. Anavala chipewa cha michira iwiri yachikasu. Michirayo inali ya ulusi, yolukidwa ngati tsitsi. Tsitsi lake lenileni linali lakuda ngati lathu.

"Takulandirani, Agogo. Ine ndine Papiya. Kamtsikanaka kakufuna chiyani?"

Rumki analoza ndi chala. "Iyo."

Inali juzi yofiira. Pachifuwa panali agwape oyera awiri. Nyanga zawo zinali ngati nthambi. Anayang'anizana ngati akupatsana moni. M'munsi munali mzere wa tinyenyezi.

Ine ndinaigwira kaye. Ndinainunkhiza. Inali ya ubweya wa nkhosa weniweni. Yoluka bwino. Pamenepo sindinapeze chodandaula.

Rumki anaivala. Inamukwana pakhosi. Inamukwana m'mikono. Inamukwana m'chiuno. Inamukwana ndendende.

Anaima pagalasi. Anatembenukira uku. Anatembenukira uko.

"Agogo, taonani. Ngati anayeza ine."

"Ndi zimene zikundiopsazo," ndinatero.

Manambala a pakhosi pa chovala sindiwadziwa. Ine ndimayeza ndi dzanja. Ndinalowetsa zala kukhwapa kwake. Zinalowa ziwiri zokha. Ndinakoka mkono wa juzi. Sunatambasuke.

"Juzi ya mwana imagulidwa yaikulu," ndinatero. Kameneko kanali koyamba.

Ndinatembenukira kwa Papiya. "Mwana wanga, yofiira yaikulu ilipo?"

"Zofiira zazikulu zinatha, Agogo. Yatsala yokhayi. Koma yabuluu yaikulu ilipo."

Anabweretsa yabuluu. Inalibe agwape. Inali ndi tinyenyezi tokhatokha.

Rumki anaivala. Inafika m'mawondo. Manja ake anasowa m'mikono. Anakupiza mikonoyo ngati bakha.

"Ndikuoneka ngati thumba la mpunga," anatero.

"Thumba la mpunga labwino," anatero Nizam. "Ndikusenza paphewa mpaka kunyumba."

"Ababa, musandiseke."

Ine ndinapinda mkono umodzi. Ndinapinda winawo.

"Waona? Chaka chino upinda kawiri. Chaka chamawa upinda kamodzi. Chaka chinacho suzapindanso. Zaka zitatu, juzi imodzi."

"Koma ilibe agwape."

"Agwape safunditsa munthu."

"Amafunditsa mtima," anatero Nizam.

"Iwe khala chete. Unali ndi zaka khumi ukuvalabe malaya ofika m'mawondo. Unafa?"

"Sindinafe, Amayi. Koma anzanga ankanditchula kuti ambulera."

Papiya anabisa pakamwa ndi dzanja.

Ndinagwada kuti ndifanane ndi Rumki. Mawondo anga analira.

"Tamvera, mwanawe. Muno mukuzizira, koma ndi bodza. Kunja kuli dzuwa. Dzuwa likatha ibwera mvula. Mvula ikatha tikolola mpunga. Kuzizira kubwera pambuyo pake. Ndi miyezi isanu ndi itatu. Iwe ukukula ngati nsungwi. Juzi ya mwana imagulidwa yaikulu."

Kameneko kanali kachiwiri.

Rumki anaganiza. Anayang'ana yabuluu. Anayang'ana yofiira.

"Sindikula, Agogo."

"Ukuti chiyani?"

"Sindikula mpaka kuzizire. Ndizidya pang'ono."

Papiya anati, "Agogo akunena zoona, mng'ono wanga. Ana amakula msanga."

Rumki anakumbatira yofiira. Anaika tsaya pa agwape aja.

Nizam anandiyang'ana. "Amayi, mphatso ndi yake. Ndinalonjeza kuti asankha yekha."

"Ikachepa, mudzatisinthira?" ndinafunsa Papiya.

"Mkati mwa sabata imodzi yokha, Agogo."

"Ndiye titsitsireni mtengo."

"Muno sititsitsa, Agogo. Si pamsika."

Sitolo yachilendo ndithu. Chisanu chabodza, tsitsi labodza, mtengo wosatsika.

Tili pamzere wolipira ndinanong'oneza Rumki. "Nthawi ikadalipo. Juzi ya mwana imagulidwa yaikulu."

Kameneko kanali kachitatu.

"Ndasankha, Agogo," anatero mwaulemu.

Nizam analipira. Rumki anakana pepala lokulungira. Anati atuluka atavala.

Tinatuluka. Dzuwa linatilandira. Rumki anayenda masitepe khumi. Thukuta linatsika pamphuno. Anayenda ena asanu.

"Agogo, ndithandizeni kuvula."

Ndinamuvula. M'basi anagona juzi ili pamiyendo.

Kunyumba ndinatsegula bokosi langa lachitsulo. Ndinayala masamba ouma a nimu. Njenjete zimadana ndi nimu. Ndinaika juzi. Ndinathiranso masamba pamwamba. Ndinatseka ndi loko.

Rumki anayesetsa kusakula. Anayesetsa ndithu.

Tsiku loyamba anasiya theka la mpunga. Tsiku lachiwiri anasiya pang'ono. Tsiku lachitatu mayi ake anaphika nsomba ndi mphodza. Rumki ananyambita mbale.

Ankagona atadzipinda ngati mphaka. Ankati miyendo isatambasuke.

Tsiku lina ndinamupeza atasenza njerwa pamutu.

"Ukutani, mwanawe?"

"Ndikudzipanikiza, Agogo."

"Tsitsa njerwayo. Ikugwera paphazi."

Mango anapsa. Rumki anadya mango. Mvula inabwera. Rumki anasewera m'matope. Ndinamuuza za misundu. Ndinamuuza za chimfine. Iye ankangokula.

Ine ndinkaona. Diresi lake linakwera pamwamba pa mawondo. Zidendene zinatuluka kumbuyo kwa nsapato. Tsiku lina anafikira botolo la shuga pashelefu. Kale sankalifikira. Ndinaona zonsezo.

"Agogo, tsegulani bokosi ndiyese juzi."

"Nthawi ya mvula bokosi silitsegulidwa. Mulowa chinyezi."

Mvula inatha. Tinakolola mpunga. Ndiye m'mawa wina kunacha ndi nkhungu. Mtengo wa mango sunkaoneka. Mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi.

Rumki anandigwedeza phewa. "Agogo, kwazizira. Lero ndi lero."

Ndinatenga kiyi. Ndinatsegula bokosi. Juzi inali bwinobwino. Njenjete sizinaikhudze. Agwape anali oyerabe.

Rumki analowetsa mutu. Mutu unakanirira.

"Kankhani, Agogo."

Ndinakoka pang'onopang'ono. Mphumi inatuluka. Makutu anapindika. Kenako mutu wonse unatuluka.

Analowetsa dzanja limodzi. Analowetsa linalo. Mikono ya juzi inathera m'zigongono. Mchombo unali pamtunda. Agwape anatambasuka, anakhala onenepa ngati ng'ombe. Manja a Rumki anakana kutsika. Anangoima chotambasula.

Nizam analowa ndi kapu ya tiyi. Anayang'ana. Anatsegula pakamwa. Ine ndinamuyang'anitsitsa. Anatseka pakamwa.

"Yandikwana," anatero Rumki ndi mawu aang'ono.

"Tapuma mpweya tione," ndinatero.

Anayesa. Mpweya unalowa theka.

"Agogo, ikundifinya."

Kuvula kunavuta kuposa kuvala. Mayi ake anamugwira m'chiuno. Nizam anakoka juzi. Ine ndinkateteza makutu. Tinakoka kamodzi. Tinakoka kawiri. Kachitatu Rumki anatuluka, tsitsi lili nyankhalala.

Anakhala pakhonde. Anaika juzi pamiyendo. Misozi inagwera pa gwape mmodzi.

Mawu anafika pakamwa panga. Anali mawu akuti, "Ndinakuuza." Ndinawameza. Anali owawa ngati nimu.

"Ndinayesetsa, Agogo."

"Ndinaona, mwanawe. Kukula si mlandu."

Kenako tinamva kulira kukhola. Mee. Mee. Kunali kulira kofooka.

Mbuzi yathu inali itabereka masiku atatu apitawo. Kamwana kake kanali kakuda, ka miyendo yoonda. Tinapita kukaona. Kanaima pakona. Kankanjenjemera thupi lonse.

"Nizam, tapeza chiguduli kapena malaya akale," ndinatero. "Kuzizira kotere kumapha timbuzi."

Kwathu kuno mbuzi zimavala nthawi yozizira. Ina imavala thumba. Ina imavala malaya ong'ambika. Nizam anapita kukafunafuna.

Rumki anagwada. Anakhudza khutu la kambuzi. Linali lozizira. Anayang'ana juzi m'manja mwake. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Agogo, chiguduli chimafunda?"

"Pang'ono."

"Nanga ubweya wa nkhosa?"

"Umenewo umafunda kwambiri."

"Tagwirani miyendo yakutsogolo."

"Waganiza bwino? Ikalowa m'khola sibwereranso m'bokosi."

"Ndaganiza."

Ndinagwira kambuzi. Mutu unalowa mosavuta. Mwendo umodzi unalowa mumkono. Winanso unalowa. Rumki anapinda mikono kuti isakhudze pansi. Anatembenuzira agwape kumsana kuti azioneka.

Kambuzi kanaima zii. Kananunkhiza phewa lake. Kanayenda sitepe imodzi. Kanayenda ina. Posakhalitsa kanasiya kunjenjemera. Kenako kanadumpha, miyendo inayi yonse m'mwamba.

Rumki anaseka, misozi ikadali m'masaya.

Nizam anabwera ndi chiguduli m'manja. Anaima pakhomo la khola.

"Maola anayi pabasi," anatero. "Kukagulira mbuzi chovala cha ku Norway."

"Yamukwana, Ababa."

"Yamukwanadi. Mbuzi yotchena kuposa mwini wake."

Mphepo inaomba. Rumki anadzikumbatira. Mano ake ankagundana.

"Bwera kuno usanadwale," ndinatero.

Ndinatambasula shawelo yanga. Ndi yakale, yotuwa, yopanda chithunzi chilichonse. Koma ndi yaikulu. Rumki analowa mbali imodzi. Ine ndinatsala mbali inayo. Mayi ake anabweretsa tiyi wamkaka. Tinamwa tili mu shawelo imodzi.

Chaka chimenecho Rumki sanavale juzi yofiira. Kusukulu ankavala yosiyiridwa ija ya msuweni wake. Akabwerako ankalowa m'theka la shawelo yanga. M'mawa uliwonse tinkakhala pakhonde, mitu iwiri pamwamba pa nsalu imodzi. Kambuzi kankadutsa pabwalo, agwape awiri ali kumsana. Ana a m'mudzi ankakatsatira pambuyo.

"Juzi ija ndi yanga," Rumki ankawauza. "Ndinasankha ndekha."