Khomo Limodzi, Mtima Umodzi

Analowa mu shopu ya telala dzuwa lili paliwombo, osaodira, jekete lakuda lili paphewa. Anali wamtali, wamaso ofatsa ngati a munthu amene sanakalipepo chibadwire.

Amalume, eni shopuyo, anaimitsa makina. Mwana wamkazi wa mlongo wawo, amene aliyense ankamutchula Singano chifukwa cha kuwonda ndi kakamwa kake kobaya, sanadzutse ngakhale mutu. Maso ake anali pa foni.

"Ndikufuna kathumba m'kati mwa jekete ili," anatero mlendoyo. "Kakhale kobisika, kosaoneka kunja."

"Koikamo chiyani?" anafunsa amalume.

Mlendoyo anangomwetulira.

"Iwe Singano, tasiya nkhondo zakozo uthandize kasitomala!"

Nkhondozo zinali gemu ya pa foni yolanda dziko lonse. Pa mapu pamakhala mayiko ambiri, wosewera aliyense ali ndi asilikali a mtundu wake, ndipo amasewera mosinthana, wina lero wina mawa. Ukalanda dziko umapata kadi, makadi akachuluka umasinthitsa ndi asilikali atsopano. Munthu akakuukira, foni yako imaliza lipenga.

Singano sankasewera chifukwa chokonda. Mkulu wake, amene ankagwira ntchito yomanga anthu tsitsi, anakumana ndi mwamuna mu gemu yomweyi. Dzina lake la mu gemu linali Namondwe. Sanaonanepo maso ndi maso, koma ankaimbirana foni mpaka khutu kutentha. Namondwe analonjeza ukwati. Tsiku loti abwere, mkulu wakeyo anavala diresi limene Singano anamusokera, n'kukadikira pa siteji ya basi mpaka basi yomaliza. Sanabwere. Nambala yake inaleka kupezeka.

Chiyambire tsikulo, mkulu wakeyo ankangokhala m'chipinda, makatani ali chitsekere.

Ndiye Singano analumbira. Analowa gemu imene Namondwe anatsegula, n'kulemba poyera kuti onse awerenge: "Ndine mng'ono wa mkazi amene unamusiya pa siteji. Ndikufafaniza pa mapu ano."

Vuto linali limodzi lokha: sankadziwa kusewera.

Mlendo uja anasuzumira pa foniyo pamene Singano ankatenga sizasi.

"Ofiirawa ndinu?"

"Zikukukhudzani?"

"Mwawamwaza ngati ufa pamphepo. Msilikali mmodzi uku, wina uko. Mawa lomweli mudzadzuka mulibe dziko."

Singano anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Mwabwera kudzasoketsa kapena kudzanditukwana?"

"Onani apa." Chala chake chinaloza pansi penipeni pa mapu, pamene panali kachilumba ka mayiko ochepa. "Woyamba kumene sathamangira pakati. Pakati m'pamsika, aliyense amadutsapo. Tengani kangodya aka. Kali ndi khomo limodzi lokha. Muunjike asilikali onse pakhomopo, mugone tulo."

"Mumasewera?"

"Ndinasiya. Inandidyera zinthu zambiri."

Ananena motsitsa mawu. Kodi munthu wofatsa chonchi anataya chiyani?

Kathumba anakasoka bwino, ndi ulusi wakuda, moti ngakhale amalume anakasowa atafufuza. Mlendo atafunsidwa dzina loti alembe pa kapepala ka jekete, anati, "Lembani kuti mwini jekete."

Kuyambira pamenepo anakhala a Jekete.

Anabweranso mawa lake, ati batani lalendewera. Mkuja wake, ati mkono wafupika.

"Jekete limeneli lili ndi matenda ambiri kuposa ine," anatero amalume. "Tidzangoligoneka m'chipatala."

A Jekete ankaseka, n'kukhala pa benchi pafupi ndi Singano, n'kuyamba phunziro.

"Usamaukire ndi asilikali ofanana ndi a mdani. Nkhondo imagamulidwa ndi madayisi, timiyala ta madontho tija, ndipo alibe chibale. Dikira ukhale ndi ochuluka kwambiri."

"Nanga ndizingokhala?"

"Ayi. Nthawi yako ikakwana, landa kadziko kamodzi kofooka, utenge kadi, ubwerere. Kamodzi kokha. Dyera ndi limene limapha oyamba kumene."

"Makadiwo ndisinthitse liti?"

"Sunga. Usaoneke wamphamvu. Mtengo wautali ndi umene mphezi imaufuna. Asiye akuluakuluwo athane okhaokha."

Singano anamuuza zonse: za mkulu wake, za diresi, za siteji ya basi. Anamuonetsanso uthenga uja analemba poyera. A Jekete anauwerenga nthawi yaitali.

"Apa unalakwitsa," anatero pomaliza. "Mdani sauzidwa kuti ndi mdani."

"Ndinali nditakwiya."

"Ukakwiya umakongola, koma susewera bwino."

Singano anadzibaya ndi singano pachala. Amalume anatsokomola mwadala.

Masabata anapita. Kachilumba kanakhala kake konse, ndipo mulu wa asilikali ofiira pakhomo paja unakula. Mauthenga a pa foni ochokera kwa a Jekete nawo anayamba kubwera, m'mawa asanatsegule shopu ndi masana pa nthawi yopuma.

"Wadzuka bwanji, kachilumba kanga?"

"Ndadzuka. Khomo ndatseka."

"Ine wanditsekeranso kunja?"

"Inu munalowa kale osaodira."

Tsiku lina unabwera uthenga umene Singano anauwerenga mpaka kuuloweza: "Khomo limodzi, mtima umodzi. Ndidzaima pakhomo pako mpaka mapu adzathe. Sindidzakusiya wekha."

Anaika foni pachifuwa n'kutsinzina. Kodi chikondi chimabwera chonchi, chitanyamula jekete paphewa? Kunyumba sananene kanthu. Akanayamba bwanji kukamba za chimwemwe kwa munthu amene sankatsegula ngakhale katani?

Panali chinthu chimodzi chokha chimene sankagwirizana.

Asilikali obiriwira a Namondwe anali kutsidya kwa khomo la kachilumba. Tsiku ndi tsiku ankachepa, chifukwa Namondwe ankawatumiza kumpoto kukamenyana ndi osewera ena.

"Ndimuukire lero?"

"Ayi, wokondedwa. Ndi msampha umenewo."

"Koma munati mdani akavulala ndimumalize, nditenge makadi ake onse."

"Ndinatero. Koma Namondwe si mdani wamba. Dikira."

"Mpaka liti?"

"Ukundikhulupirira?"

Ankamukhulupirira. Ndiye ankadikira.

Amalume okha ndi amene ankang'ung'udza. "Munthu wopanda dzina, wopanda kwawo, wobwera nthawi imene mkulu wako sangatulukire. Iwe, nsalu imayezedwa isanadulidwe."

"Amalume, nsanje basi."

"Nsanje? Ine ndi mimba yangayi?"

Tsiku limene zinthu zinaphulika kunagwa mvula yamphamvu masana. A Jekete analowa akuthamanga, atanyowa chinyowere. Singano anawavula jekete n'kulipachika pa msomali pafupi ndi ayironi kuti liume, kenaka anawapatsa thaulo n'kuwalozera kuseri kwa katani yoyezera zovala.

Nthawi yomweyo chitseko chinatsegukanso.

"Asisi!"

Mkulu wake anaima pakhomo ndi ambulera yothyoka. Aka kanali koyamba kutuluka m'nyumba patapita nthawi yaitali. M'manja munali pepala la pulasitiki, m'kati mwake muli diresi lija.

"Ndatopa nalo kuliona," anatero. "Ulisinthe likhale siketi, kapena ulidule zigamba. Ndikufuna kubwerera ku ntchito."

Amalume anaomba m'manja. Singano anakumbatira mkulu wake, misozi ili m'maso. Foni yake inali pa tebulo, mapu ali chiyakire, ndipo mkulu wakeyo anaiona.

"Ofiirawa ndiwe? Mayo! Wakula chonchi?" Anaiyandikiza kumaso. "Nanga ukudikira chiyani? Namondwe watsala ndi timayiko titatu, khomo lake lili pululu. Nthawi ndi yako. Menya!"

"Anandiuza kuti ndi msampha."

"Ndani?"

Singano anachita manyazi. Anatenga foni kuti aibise, koma chala chinatsetsereka n'kutsegula mauthenga. Mkulu wake anawerenga mzere wapamwamba.

"Khomo limodzi, mtima umodzi," anawerenga monong'ona. "Ndidzaima pakhomo pako mpaka mapu adzathe."

"Asisi, ndimafuna ndikuuzeni..."

"Amakutchula kuti kachilumba kanga?"

Singano anasuzumira pa foniyo. Mawu amenewo sanali pa foni pamene mkulu wake ankayang'ana.

"Mwadziwa bwanji?"

Kuseri kwa katani kunamveka mawu ansangala. "Kachilumba kanga, thaulo ili ndiliike pati?"

Ambulera inagwa pansi. Mkulu wake anagwira m'mphepete mwa tebulo ngati pansi pakutsetsereka. Nkhope sankaidziwa, koma mawu amenewo anagona nawo m'khutu miyezi yambiri.

A Jekete anatuluka akupukuta tsitsi. Ataona mkazi wachilendoyo ndi diresi lili m'pulasitiki, dzanja lawo linaima m'mutu.

"Lankhulaninso," anatero mkulu wa Singano.

A Jekete anayang'ana kuchitseko.

"Ayi," anatero Singano, akupukusa mutu. "Ayi, asisi, mwasokoneza. Awa anasiya kusewera kalekale. Foni yawo ndimaiona, mulibe gemu. Auzeni! Bwanji simukuwauza?"

"Singano, tiye panja tikakambirane," anatero a Jekete.

"Kunja kuli mvula. Nenani pompano."

"Si mmene ukuganizira."

Kodi n'zotheka? Manja omwewa, amene anamuphunzitsa kutseka khomo? Singano anayang'ana mapu. Anayang'ana munthuyo. Kenaka anaika chala pa mulu wa asilikali ofiira n'kuwakankhira kutsidya.

Madayisi anagubuduka.

Lipenga linalira.

Silinalire pa foni ya Singano. Silinalire m'thumba la buluku la a Jekete. Linalira pa msomali, pafupi ndi ayironi, m'kati mwa jekete lonyowa.

Amalume anasiya kukamwa kuli yasa.

Singano anayenda pang'onopang'ono. Sanafufuze. Kathumbako anakasoka yekha, ndi ulusi wakuda, kosaoneka kunja. Anapisamo zala n'kutulutsa kafoni kena kakang'ono. Masiku onse kankazimitsidwa mwini wake asanalowe. Lero mvula inamuthamangitsa.

Pa kafoniko panali mapu omwewo, koma asilikali ake anali obiriwira.

"Ndimvere," anatero mwamunayo. "Utalemba uthenga uja, ndinangofuna kuona kamtsikana kolimba mtima kameneka. Shopu ndinaidziwa pa chithunzi chimene mkulu wako ananditumizira. Ndinabwera kudzaseka, ndikuvomera. Koma zimene zinachitika pambuyo pake n'zoona! Ndikanatha kukufafaniza tsiku loyamba. Ndinakusiya. Ndinakuphunzitsa zonse!"

"Nanga ine?" anafunsa mkulu wa Singano. "Pa siteji paja munandiphunzitsa chiyani?"

Mwamunayo anayang'ana pansi. "Ndinachita mantha."

"Mantha!" Amalume anaimirira, sizasi yaikulu ili m'manja. "Mantha a mkulu anakutumizani kwa mng'ono? Mukanapitiriza mukanafika kwa ine!"

Palibe anaseka.

Singano ankangoyang'ana mafoni awiriwo, imodzi kudzanja ili, ina kudzanja ilo. Misozi inkagwera pa magalasi onse awiri.

"Ngakhale mawu simunasinthe," anatero. "Kachilumba kanga. Munangochotsa pa asisi n'kundiveka ine, ngati chovala cha kaunjika."

"Kwa iwe ndinkanena zochokera mumtima."

"Ndiye n'chifukwa chake munkati ndidikire? Munasiya khomo lanu lotsegula podziwa kuti mlonda wake ndine."

"Singano, chonde. Gemu ndi gemu. Ife ndife ife."

Dziko loyamba linali litagwa kale. Singano anakankhanso asilikali. Lipenga linaliranso m'dzanja lake lamanzere. Lachiwiri linagwa. Linatsala limodzi, muli msilikali mmodzi wobiriwira.

Chala chake chinaima m'malere. Anakumbukira benchi, kuseka, mauthenga a m'mawa. Mtima unkamuuza kuti aleke. Kodi munthu angafafanize bwanji amene anamuphunzitsa kuima?

Mkulu wake anamugwira paphewa.

"Munandiphunzitsa bwino," anatero Singano, akupukuta maso ndi mkono. "Mdani akavulala, mumalize."

Anadina.

Lipenga linalira kotsiriza, lalitali, kenaka mapu onse a kumwera anasanduka ofiira.

Singano anabwezera kafoni kaja m'kathumba kake, n'kuchotsa jekete pa msomali. Kapepala kaja kanali kadakali kukhosi kwake, kolembedwa kuti mwini jekete. Anakathothola. Anatenga choko cholembera pa nsalu, n'kulemba pamsana pa jekete lakudalo zilembo zikuluzikulu zoyera, zoti aliyense mumsewu awerenge.

Amalume anatsegula chitseko. Mvula inali isanakate.

"Chovala sichituluka muno chopanda dzina la mwini wake," anatero Singano, akumupatsa jeketelo. "Yendani bwino, a Namondwe."