Chithunzi cha Mayi a Sumaili

Wickson anali mlonda panyumba ina yoonetsera zojambula pafupi ndi Corniche, msewu wa m'mphepete mwa nyanja mumzinda wina wakunja kumene anapita kukagwira ntchito. Tsiku limenelo anaima pakhomo la holo atavala masiki, pamene Fatima, mayi woyendetsa alendo, ankafotokozera ana asukulu za Napoleon, mfumu ya ku France.

Anati mfumuyo ikagonjetsa mizinda ya ku Italy inkachotsa zithunzi m'matchalitchi n'kuzitumiza ku Louvre, nyumba ya zojambula ya ku Paris, mpaka nyumbayo inatchedwa dzina lake. Ufumu wake utagwa zambiri zinabwezedwa, koma zina zidakali komweko.

"Nanga eni ake ankamva bwanji akapeza khoma lopanda kanthu?" anafunsa mtsikana wina.

Funsolo linamulasa mtima Wickson. Sumaili, dalaivala amene ankagona naye chipinda chimodzi kudera la Al Muntazah, anali ku kwarantini atapezeka ndi korona. Pamwamba pa bedi lake pankakhala chithunzi chimene Sumailiyo anajambula yekha ndi penti, cha malemu mayi ake akupeta mpunga. Malamulo atsopano a dzikolo atalola anthu kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana, Wickson anasirira malo pahotela ina. Anachotsa chithunzicho n'kukapatsa manijala wa kumeneko ngati mphatso, akudziuza kuti Sumaili adzajambula china. Manijalayo anamulonjeza ntchito.

Ataweruka anathamangira kuhotela kuja kukachipempha. Manijalayo anangoti khalasi, kutanthauza kuti nkhani yatha, chifukwa anali atachitumiza kale kwawo kwa mkazi wake.

Sumaili anatuluka ku kwarantini ataonda kwambiri. Atalowa m'chipinda anaika chikwama pansi n'kuyang'ana khoma nthawi yaitali. Wickson anafotokoza zonse ali wera, akudikira kukalipiridwa. Koma mnzakeyo anangokhala pabedi.

"Achimwene, foto ya amayi ndilibe," anatero motsitsa mawu. "Ndinawajambula ndikadali kuikumbukira bwino nkhope yawo."

Wickson sanapitenso kukayamba ntchito ija. Lachisanu anagula penti ndi nsalu n'kuziika pabedi la mnzake. Sumaili anajambula tsiku lonse. Lichero linatuluka bwino, duku ndi manja nazonso, koma pankhope ankafufuta n'kuyambiranso. Madzulo anabwerera m'mbuyo n'kuchiyang'anitsitsa.

"Awa si amayi," anatero, n'kuyamba kutsuka maburashi.

Wickson anamugwirira kabeseni ka madzi.